Injini ya Massey Ferguson 135 yagwira, pulawo nayo yauma ndi dzimbiri: tiyambire pati?

Mlimi wa ku Mitundu

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali thirakitala ya Massey Ferguson 135, ya injini ya Perkins ya masilinda atatu, imene yakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zinayi osalira. Inaimikidwa ikuyenda bwinobwino, vuto linali matayala basi. Pano taika batire latsopano koma sitata imangoti "kha" kamodzi, injini osatembenuka ngakhale pang'ono. Paipi ya utsi yakhala yosavindikira nthawi yonseyi. Anyamata akuti tiikoke ndi lole ili m'giya kuti imasuke. Kodi zimenezi n'zoona?

Pulawo yake ya mbale zitatu nayo yauma. Mbale ziwiri sizikuzungulira, gudumu la kumbuyo lija lagwira, top link, ndodo ya pamwamba yolumikiza pulawo ku thirakitala, yakana kutembenuka. Ndikufuna zonse zikhale zokonzeka mvula isanagwe.

Makaniko wa ku Biwi

Bambo, auzeni anyamatawo lole ikhale kaye pomwe ili. Mukaikoka pisitoni ili yogwira, mphamvu yonse ya lole imakathera pa conrod, ndodo yolumikiza pisitoni ku shafiti yaikulu ya injini (crankshaft), ndipo conrod imapindika. Kapena maring'i amathyoka n'kukanda silinda, kapena valavu yogwira imapinda push rod, kandodo kamene kamatsegulitsa valavu. Injini imene ikanadzuka ndi maring'i ndi gasiketi chabe imasanduka ya ndalama zambiri.

Choyamba tsimikizani kuti chagwira ndi injini yeniyeniyo. Ikani magiya onse awiri pa nyutulo, ndodo ya PTO (shafiti ya kumbuyo yoyendetsa zipangizo) nayo pa nyutulo. Chotsani lamba wa fani, chifukwa pampu ya madzi kapena dayinamo zikauma zimanamiza munthu. Kenako chotsani sitata. Nthawi zina kagiya kake kamangokakamira m'mano a flywheel, gudumu lolemera la kumbuyo kwa injini, ndiye mukaichotsa injini imamasuka yokha. Pa bowo la sitatalo mano a flywheel akuonekera: lowetsani chitsulo chochotsera matayala, mukankhe pang'ono uku ndi uku. Pang'ono ndithu, mano aja amabenthuka.

Ngati sikusuntha, pitani pansi. Masulani nati yotayira oyilo pang'onopang'ono, osaichotseratu. Madzi ndi olemera kuposa oyilo, ndiye ngati alimo ndi amene ayambe kudontha. Madontho ochepa si nkhani. Akafika kapu kapena kuposa, dziwani kuti ma bearing a crankshaft nawo afunika kuonedwa.

Za paipi ya utsi ija, yankho mwalipereka nokha. Pa injini ya masilinda atatu, pafupifupi nthawi zonse valavu imodzi ya utsi imakhala yotseguka paliponse pamene injini yaimira. Mvula ya zaka zinayi yakhala ikutsika m'paipimo n'kulowa mu silinda imeneyo. Ndiye kawirikawiri yogwira imakhala pisitoni imodzi, osati onse atatu.

Chotsani chivindikiro cha pamwamba pa mavalavu. Gogodani valavu iliyonse pamutu ndi mpini wa hamala. Yabwino imatsika n'kubwerera yokha chifukwa cha sipuling'i. Imene yakana kutsika, kapena yatsika osabwerera, ithirireni mankhwala omasulira dzimbiri pa tsinde lake, ndipo chotsani push rod yake muiike pambali mutailemba nambala.

Tsopano chotsani mainjekita onse atatu. Musanamasule, tsukani malowo kuti dothi lisagwere m'kati. Injekita iliyonse yamangidwa ndi manati awiri ndipo pansi pake pali kawashala ka kopa. Tiwashala timeneti tichotseni, mudzaike tatsopano. Pa mabowo amenewo thirani chosakaniza ichi: oyilo wa ATF, wofiira uja wa magiyabokosi a otomatiki, theka, ndi acetone, mankhwala osungunulira penti, theka. Ziwirizi zimalekana zikakhala, ndiye khutchumulani botolo musanathire. Acetone akasowa, dizilo ndi ATF zimagwira, koma mochedwerapo. Musaumire pothira. Mapisitoni a injini yanu ya Perkins, yotchedwa AD3.152, ali ndi kadzenje pamutu, ndiye mukathira tisipuni tiwiri zonse zimangokhala m'kadzenjemo osafika pa maring'i. Thirani mamililita 150 mu silinda iliyonse, mutseke mabowo ndi nsanza zoyera.

Dikirani sabata imodzi kapena awiri, mukuwonjezera tsiku ndi tsiku. Silinda imene ikumwa mankhwala ndiye kuti maring'i ake akudutsitsa. Imene mankhwala angoima osatsika ndi yogwirayo. Tsiku lililonse kwezani tayala limodzi la kumbuyo ndi jeke, muikire zipika zolimba pansi pa ekiselo, mulowetse giya yapamwamba kwambiri, ndipo anthu awiri agwedeze tayalalo kutsogolo ndi kumbuyo. Kugwedeza, osati kukankhira mbali imodzi. Jambulani mzere ndi choko pa pulley ya kutsogolo kuti muone ikasuntha. Ikasuntha ngakhale mamilimita awiri, mwapambana: bwererani, thiraninso, mawa isuntha asanu. Musakokere pa bawuti ya pulleyo ndi paipi yaitali, imamangika mopitirira kapena kuthyokera m'kati mwa crankshaft.

Ikayamba kuzungulira yonse, zungulitsani ndi manja kangapo, kenako ndi sitata, mainjekita asanabwezeretsedwe, kuti mankhwala onse atuluke. Madzi kapena oyilo sizipanikizika. Mukabwezera mainjekita silinda ili ndi mankhwala, conrod imene munaipulumutsa kwa lole muipinda ndi sitata.

Tengani masipanala a mainchi. Mabawuti a thirakitala zimenezi ndi a mainchi, ambiri a mazinga otchedwa UNF. Sipanala ya 13 imaoneka ngati ikukwana pa nati ya 1/2, koma pa nati ya dzimbiri imangoiphwanya makona.

Gogo Perkins

Zonse zimene anena achimwene a ku Biwi n'zolondola mpaka pa mainjekita. Pa nkhani yonyika ndi pamene tikusiyana. Kunyika n'kwabwino pa injini imene yagwira chifukwa cha chinyezi chabe, yokhala mu shedi. Iyi yamwa mvula ya madzinja anayi. Ngakhale imasuke, dzimbiri lili mu silindamo likapita kuti? Likhala ngati mchenga pakati pa maring'i ndi khoma la silinda. Ilira inde, koma izidya oyilo, izifuka utsi wabuluu, m'mawa izivuta kudzuka, ndipo idzaima pakati pa munda mu Disembala pamene aliyense akufuna thirakitala. Chotsani hedi, mutu wa injini wovindikira masilinda. Gasiketi ya hedi ndi yotchipa kuposa masabata awiri ongoyembekezera zinthu zimene simukuziona.

Hedi ikachoka muona nokha. Silinda yomwa madzi imakhala ndi mkombero wa dzimbiri pamene madzi analekezera. Palani dzimbirilo pamwamba pa pisitoni ndi sandipepa wosalala wonyika mu dizilo, mupukute, muthire mankhwala aja m'mbali mwa pisitoni. Semani chipika cha mtengo wolimba chozungulira, chocheperako pang'ono kuposa silinda. Silindayo m'mimba mwake ndi mamilimita 91.4, ndiye chipika cha 85 chikwana. Chikhale chogunda m'mphepete mwa pisitoni, osati pakati pa kadzenje paja pomwe mungaboole. Menyani chipikacho ndi hamala yolemera, koma onani kaye pamene pisitoni yaimira. Ngati ili pamwamba penipeni kapena pansi penipeni, conrod yaima chilili ndipo nkhonya zanu zonse zikupita pa bearing. Zikatero chotsani sampu, mumasule kaye chivindikiro cha big end ya pisitoni imeneyo, pamene conrod imagwira crankshaft. Sampu ya 135 ndi chitsulo cholemera ndipo ili ndi mabawuti oigwirizanitsa ndi mbali ya kutsogolo ndi ya kumbuyo ya thirakitala, ndiye ikirani zipika ndi jeke musanamasule, musagone pansi pake muli nokha.

Big end ikamasuka muonanso ngati mapisitoni awiri enawo ali omasuka. Yogwirayo imenyeni kuchokera pansi ndi mtengo wautali kuti itulukire pamwamba. Ikatuluka pamodzi ndi sleeve yake, paipi ya chitsulo imene ndi khoma la silinda, musadandaule. Ma sleeve a injini imeneyi ndi ouma, sakhudzana ndi madzi a redieta, amangopanikizidwa mu buloko, ndipo sleeve yotereyo inali yotha kale.

Pendani ndi chikhadabo. Ngati chikhadabo chikukodwa m'timaenje ta dzimbiri, kapena pa mzere wa pamwamba pomwe ring'i imalekezera, sleeve isinthidwe. Timaenje timeneti honing, kupala khoma la silinda ndi timiyala tosalazira, siichotsa. Pogula funsani zinthu ziwiri. Choyamba, kodi ma sleevewo ndi omalizidwa kale kapena ofunika kuwaboola akalowa mu buloko? Achiwiriwa amafuna malo a makina, ngati a ku Kanengo kapena ku Biwi komweko, si ntchito ya pansi pa mango. Chachiwiri, ma Perkins ena akale anali ndi ma sleeve okutidwa ndi chrome m'kati, ndipo ring'i ya chrome siikidwa mu sleeve ya chrome chifukwa ziwirizi sizigwirizana, injini imangopopa oyilo. Njira yosavuta ndi kugula sleeve, pisitoni ndi maring'i za seti imodzi.

Ring'i iliyonse musanaiike pa pisitoni, ilowetseni yokha mu silinda, muikankhe ndi pisitoni kuti ikhale mowongoka, muyeze mpata wa pakamwa pake ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mipata. Usachepere mamilimita 0.35. Ukachepa, ring'i ikatentha nsonga zake zimagundana ndipo imathyoka. Mipata ya maring'i isayang'ane mbali imodzi. Mapisitoni ali ndi chizindikiro choloza kutsogolo, ndipo ma conrod ndi zivindikiro zake ali ndi manambala: chivindikiro cha nambala 2 chibwerere pa conrod ya nambala 2, manambala ali mbali imodzi. Conrod ya silinda yogwira ija ipite kukayezedwa ngati ili yowongoka, makamaka poti mwaiyesapo ndi sitata.

Hedi imangidwe ndi torque wrench, kuyambira pakati kupita kunja, m'magawo atatu, pa mlingo wolembedwa m'buku la injini yanu. Mavalavu onse mpata wake ndi mamilimita 0.30 injini ili yozizira. Ikalira n'kutentha, manganinso hedi ndi kuyezanso mavalavu. Ambiri amadumpha pamenepa, n'chifukwa chake gasiketi yatsopano imapsa mwezi usanathe.

Mlimi wa ku Mitundu

Zikomo akuluakulu. Sitata tachotsa, injini ikadali yogwira. Pa sampu patuluka madzi okwana theka la botolo la Fanta. Valavu ya utsi ya silinda ya kumbuyo yatsika osabwerera. Hedi tichotsa Loweruka. Nanga za pulawo?

Makaniko wa ku Biwi

Ndi madzi amenewo ndikugwirizana ndi agogo, hedi ndi sampu zichoke. Onani ma bearing onse a crankshaft. Kumbuyo kwa bearing iliyonse kwalembedwa STD kapena 010, 020, kusonyeza ngati crankshaft inasemedwapo. Gulani ofanana ndi amenewo, pokhapokha ngati crankshaft ili ndi timaenje kapena mizere yomveka ndi chikhadabo, pamenepo ikasemedwe. Sefa ya pa pampu ya oyilo mu sampumo itsukidwe ndi palafini.

Wowotcherera wa ku Mchesi

Za pulawo ndiyankhe ine, bambo. Yambani ndi kuchotsa katondo wouma ndi bulashi ya waya mpaka mazinga a bawuti aoneke. Mankhwala othiridwa pa dothi amangomwedwa ndi dothilo. Thirani chosakaniza chomwe chija m'mawa ndi madzulo masiku atatu.

Nati yogwira imamasuka ndi zinthu zitatu: kugwedezeka, moto, ndi kuleza mtima. Tsamiritsani hamala yaikulu mbali imodzi ya nati, mumenye mbali inayo ndi hamala yaing'ono, kuzungulira mbali zonse zisanu ndi imodzi. Dzimbiri la m'mazinga limasweka. Kenako yambani mwamanga pang'ono musanamasule. Ikasuntha, musathamange nayo: kota kumasula, kubwerera, kuthira mankhwala, kota ina. Nati ikayamba kulira "kwii" ndi kutentha, imani, chifukwa bawuti yatsala pang'ono kupotoka. Gwiritsani soketi ya makona 6, osati 12.

Ikakana, moto wa gasi. Tenthetsani nati yokha mofulumira mpaka ifiire pang'ono, kuti ifutukuke bawuti isanatenthe. Mukatenthetsa zonse pamodzi pang'onopang'ono palibe chimene mwachita. Koma acetone ndi moto ndi adani. Pukutani, mudikire ziume, botolo likhale kutali. Ndipo lawi lisanyambite mbale za pulawo. Chitsulo cha mbale ndi cholimbitsidwa, chikapsa chimafewa kapena kung'aluka pa mabowo. Mabawuti ogwira mbale musataye nawo nthawi: dulani manati ndi grinder, mugule atsopano a mutu wobisika ndi khosi la makona anayi, a giredi 8.8. Nambalayo imalembedwa pamutu kapena pa paketi. Mabawuti opanda nambala ogulitsidwa pa mulu amaduka m'nthaka youma ya Okutobala.

Bawuti ikathyokera m'kati, ikani washala pamwamba pa chidutswacho, muwotcherere pakati, kenako nati pamwamba pa washala, muwotchererenso. Siyani zizizire. Kutentha kwa welding kumamasula mazinga, ndipo nati ija ndi pogwirira. Tizitsulo tochotsera mabawuti tija timathyokera m'kati, ndipo tikathyoka palibe drill imene imatiboola.

Mbale zosazungulira vuto ndi ma bearing a m'chigubu cha kumbuyo kwa mbale. Chotsani mbale, chivindikiro cha chigubu, pini yopinda, ndi nati. Tulutsani shafiti pomenya kudzera pa mtengo kapena chitsulo cha kopa, nati itabwezedwa kunsonga kuti mazinga asaphwanyike. Mupeza ma bearing awiri osongoka, girizi atasanduka dothi. Ngati pali timaenje pa tizitsulo togudubuzika, atayeni. Mkombero wakunja ukakakamira m'chigubu, wotchererani mzere umodzi kuzungulira m'kati mwake. Ukazizira umafota n'kugwa wokha. Wam'kati ukakakamira pa shafiti, uchekeni ndi grinder mopendekera osafika pa shafiti, muuswe ndi tchizulo, mutavala magalasi chifukwa zidutswa zake zimauluka. Nambala ya bearing yalembedwa m'mphepete, pitani nayo ku sitolo pamodzi ndi seal yakale. Seal ndiyo imateteza zonse ku fumbi, musabwezere yakale. Pomanga, pakani girizi ndi chikhatho mpaka atulukire mbali inayo, mangani nati mukuzungulitsa mpaka muyambe kumva kulimba, kenako bwezani pang'ono kufika pa mpata wa pini. Mbale izungulire ndi dzanja limodzi koma isagwedere. Gudumu la kumbuyo ndi chimodzimodzi, ndipo onaninso sipuling'i yake.

Top link ili ndi mazinga a kumanja mbali imodzi ndi a kumanzere mbali inayo. Anthu amamanga mbali imodzi akuganiza kuti akumasula. Masulani kaye nati yokhomera, muimangirire top link pa thirakitala ndi pulawo kuti nsonga zisazungulire, mutenthetse paipi ya pakatiyo pamene pali mazinga, ndi kuigogoda pa chitsulo cholemera. Ikapindika ingogulani ina. Ya 135 ndi ya Category 1, pini yake ndi mamilimita 19, mapini a pansi ndi 22.

Tizitsulo ting'onoting'ono monga mapini, tcheni ndi zopalira dothi pa mbale, nyikani mu molasses, yemwe uja alimi amapatsa ng'ombe. Gawo limodzi la molasses, magawo 9 a madzi, mu ndowa ya pulasitiki, masabata awiri kapena atatu. Fungo lake si la pafupi ndi khitchini. Zikatuluka tsukani, muumitse, mupake oyilo tsiku lomwelo chifukwa dzimbiri limabwerera msanga. Girizi achotsedwe kaye, molasses sadutsa pa mafuta.

Mayi wa Mapampu

Abambo nonse mwaiwala dizilo. Injini ikhoza kumangidwa bwino koma osalira chifukwa cha zaka zinayi za dizilo wovunda.

Thanki itsitsidwe, itsukidwe, kasefa ka pa mpopi wake kachotsedwe n'kuyeretsedwa. Fyuluta zisinthidwe pamodzi ndi timalabala take, ndipo onetsetsani kuti kalabala kakale sikanatsalire m'mwamba, chifukwa awiri akasanjikizana mpweya umalowa.

Pampu yotumiza dizilo ku mainjekita, ya mtundu wa CAV DPA, imafewetsedwa ndi dizilo yemweyo, ilibe oyilo wake. Ikakhala nthawi yaitali, metering valve ndi tima plunger ta m'kati timamatirira. Zotsatira zake n'ziwiri: kapena situlutsa dizilo n'komwe, kapena imatsegukiratu injini n'kuthamanga osamvera chozimitsira. Ngati m'fyuluta mwapezeka madzi kapena dzimbiri, musaizungulitse ndi sitata, shafiti yake imaduka ikakhala yogwira m'kati. Ichotseni, koma yang'anani kaye kamzere kolembedwa pa pampu ndi pa chivindikiro cha timing, pobwezera mizereyo ikumane. Pitani nayo pamodzi ndi mainjekita atatu kwa amene ali ndi benchi yoyezera. Si chinthu chotsegulira pa fumbi. Ndipo wina asayese injekita poika chala kunsonga kwake. Dizilo wake amaboola khungu ndipo chala chimatha kuduka nazo.

Pochotsa mpweya tsatirani njira ya dizilo. Popani ndi kandodo ka lift pump, kapampu kokoka dizilo ku thanki, mumasule pa fyuluta mpaka thovu lithe. Kandodoko kakakhala kopepuka osapopa, zungulitsani injini kamodzi. Kenako tibawuti tiwiri ta pa pampu, sipanala ya 5/16, kapansi kayambe, kapamwamba katsatire. Timangeni mofatsa, timathyoka msanga. Pomaliza masulani manati a mapaipi pa mainjekita, chozimitsira chikankhidwire m'kati, muimenye sitata mpaka dizilo alavule, mumange.

Musanaidzutse, thirani oyilo wa 15W-40 wa injini za dizilo, pafupifupi malita 6, ndi fyuluta yatsopano. Kokani chozimitsira, muzungulitse ndi sitata mpaka geji ya oyilo ikwere, masekondi 15 pa ulendo, mukupumitsa. Tsegulani air cleaner ndi paipi yake yonse, makoswe ndi mavu amamanga m'menemo. Ngati ndi ya mtundu wa oyilo, musapitirire mzere wa m'kapu, injini imayamwa oyilo wapitirirayo n'kuthamanga nawo. Munthu mmodzi aime ndi kathabwa kosalala pafupi ndi pakamwa pa manifold, paipi yolowetsa mpweya mu injini, kuti akatseke mpweya ikathawa. Kathabwa, osati dzanja kapena nsanza.

Kilatchi mwina yamatirira pa flywheel. Mukaona giya ikukana injini ikulira, musaikakamize. 

Maring'i atsopano safuna injini yongolira chiimire. Ikatentha, hedi itamangidwanso, ikokeni pulawo pa nthaka yofewa, mbale zisazame kwambiri masiku oyamba. Oyilo ndi fyuluta musinthe pakatha maola 25 mpaka 50.

Gogo Perkins

Mayi anena zoona za kathabwa. Chowonjezera: injini ikadali yomasula, sinthani tizivindikiro ta madzi ta m'mbali mwake, timadyeka kuchokera m'kati ndipo kamodzi kakabooka m'munda madzi amatha musanazindikire. Redieta ndi buloko zimatenga pafupifupi malita 10. Madzi a pa mjigo amasiya miyala yoyera m'timapaipi, ndiye thirani a mvula osefa ndi coolant. Valavu ya silinda ya kumbuyo ija musaiwongole, gulani ina pamodzi ndi guide yake, ndipo mugudubuze push rod yake pa galasi muone ngati siinapindike.